Fayilo ya Malemu Norbert Ng'andu

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, Scholastica Ng'andu anakhala pa desiki ya pakhomo la Mlembi Wamkulu wa unduna wina ku Longacres, ndipo m'zaka zonsezo palibe pepala limene linalowa pakhomopo lisanalawe sitampa yawo. Alembi Aakulu ankabwera ndi kupita ngati mvula ya ku Lusaka: wina wa mkuntho, wina wowaza chabe, wina wongogunda osagwa. Iwo sanasunthe. Wofuna tchuthi, wofuna kukwezedwa, wofuna kuchotsedwa kumidzi kumene boma linamuiwala, onse ankadziwa kuti ofesi ndi ya bwana koma khomo ndi la bana Clive. Ndi mmene ankawatchulira, potengera dzina la mwana wawo woyamba.

M'boma muli mwambo umene anthu akunja saudziwa. Wantchito wamng'ono salembera bwana wamkulu mwachindunji. Amalemba dzina la bwanayo pamwamba, pansi pake n'kuika zilembo zitatu, u.f.s., kenako dzina la womuyang'anira. Ndiye kuti kalatayo idzere m'manja mwa uje, aione, asaine, aipititse. Chimene zilembozo zimaimira, ambiri anapuma ntchito mpaka kumwalira osachidziwa, koma mphamvu yake ankaidziwa onse. Kalata yolumpha desiki inkapita m'thireyi ya zodikira. Sinkatayika ayi. M'boma kalata sitayika, imangopuma.

Mmodzi wa amene anaphunzira zimenezi mowawa anali mnyamata wina, Kampamba, amene anafika mu 1994 ndi digiri yatsopano ndi tayi yofika pamchombo. Anafuna kupita kunja kukawonjezera maphunziro, ndipo poona kuti ndi wanzeru, analowetsa kalata yake pansi pa chitseko cha bwana. Wosesa anaitola n'kukaipereka kwa bana Clive. Inapuma miyezi isanu ndi iwiri. Mwayi unapita kwa wina.

Bana Clive sankaona nkhanza pamenepo. Kwa iwo dziko linali ndi dongosolo, ndipo kumwamba sikukanakhala kosalongosoka kuposa unduna. Masisitere amene anawalera ku Kasama anawaphunzitsa kuti chaulere chilichonse cha Mulungu, chimene a mipingo ina amati chisomo, chimadzera m'manja mwa Maria. Atayamba ntchito anapeza kuti boma linangotengera. Bwana ali m'kati, pakhomo pali mayi. Nanga chovuta kumva n'chiyani pamenepa?

Chovuta chinali mwamuna wawo. Norbert Ng'andu ankayang'anira matikiti a kampani ina ya mabasi pa siteshoni ya Intercity, ndipo moyo wake wonse sanaimepo pamzere. Kubanki ankadziwa mlonda, kuchipatala ankadziwa wokankha machira, kumaliro ankapezeka ali kale ndi mbale pamene anzake akusamba m'manja. Kutchalitchi anasiya kulowa atakangana ndi katekisiti pa za maliro a mng'ono wake. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankaperekeza mkazi wake mpaka pageti, n'kuvula chipewa kulonjera mtanda, n'kukhotera kumene kuli mpira ndi botolo. Kulapa osapita.

Anafa mu Ogasiti 2018, dzuwa lili paliwombo, mphepo ya fumbi ikuulutsa mapulasitiki, pakati pa basi ya ku Kasama ndi ya ku Mansa. Anangogwira pachifuwa n'kukhala pa thumba la kapenta, tinsomba touma, la munthu wina. Wansembe panalibe. Panali onyamula katundu, oitanira mabasi, ndi mayi wina wogulitsa mazira owiritsa, ba Lombe, amene anamugwira mutu.

Patatha masiku atatu chiikireni maliro, bana Clive anavala zakuda n'kupita ku Intercity kukafufuza. Malo amenewo ankanyansidwa nawo kuyambira kale: fungo la mkodzo kuseri kwa mabasi, mafuta a nkhuku okazingidwa kachisanu, anthu okoka chikwama chako asanakupatse n'komwe moni. "Ba mayo, Kitwe? Ndola? Yanyamuka manje manje!" Anapeza ba Lombe atakhala pa chidebe, akuthira mchere pa dzira la kasitomala.

"Ndimwe munali nabo bamuna banga?"

"Ndine, ba mayo. Pepani. Banali bantu babwino, nthabwala chabe."

"Banakambako chinthu?"

"Banakamba. Ati, 'Yesu, nithandizeni.' Kabili. Basi."

"Nanga Maria banamuchula?"

Ba Lombe anaganiza mofatsa, chifukwa sankafuna kunamiza wamasiye. "Awe. Yesu chabe."

Bana Clive anathokoza, n'kutuluka. Si chisoni chokha chimene chinawagwira. Munthuyu, ngakhale pa mpweya wotsiriza, ali ndi machimo a zaka khumi ndi chimodzi pamsana, analowetsa kalata pansi pa chitseko. Ndipo iwo kuposa wina aliyense mu Lusaka ankadziwa kumene kalata yotere imapita.

Madzulo a tsikulo anatsegula fayilo. Anali ndi makina olembera akale amene boma linataya iwo akupuma ntchito, ndipo analemba mwadongosolo: kwa Ambuye Yesu Khristu, u.f.s. Maria Virgo Woyera. Mutu wa nkhani, pempho la Norbert Ng'andu, malemu, kuti lilandiridwe ngakhale linadzera njira yolakwika. Kope analiika m'fayilo, pakona n'kulemba nambala wani. Mwezi wotsatira analemba chikumbutso. Yankho silinabwere, koma zimenezo sizinawadabwitse. Ofesi yabwino siyankha msanga.

Pa parishi yawo, pakati pa Kabwata ndi Woodlands, dzina lake tilisunge, pali kaphanga ka miyala komwe kali ndi fano la Maria, kamene onse amati goloto. Amayi a pamenepo anali ndi chizolowezi cholemba mapempho awo pa timapepala n'kutiwotcha pa golotopo Loweruka lomaliza la mwezi. Bana Clive asanalowererepo zinali zomvetsa manyazi: mapempho pa zikuto za makope a ana, pa mapepala a simenti, lina kuseri kwa chiphaso cha kuchipatala cha mwana. Iwo anakhomeretsa bokosi, anagula loko, kiyi n'kumumangirira ku kolona yawo. Lachisanu lililonse ankatsegula, n'kuwerenga, n'kulembanso pa makina zimene zinali zoyenera. Zolembera Yesu mwachindunji ankazibweza kwa eni ake, pakona atalemba ndi pensulo kuti, "Dzerani njira yoyenera." Mayi wina amene mwana wake anali m'chitolokosi cha apolisi analandira pepala lake kawiri. Kachitatu sanalembenso.

Kuti wina asanamizire umbuli, anaitana Hamad Mfaume, wolemba zikwangwani wa ku Chunga, amene agogo ake anachokera ku Mangochi ndi makina osokera pamutu. Hamad analembapo pa mabutchala, pa masaluni, pa magalimoto a maliro ndi pa miyala ya pamanda ya zipembedzo zonse. Pakhoma la pamwamba pa goloto analemba ndi utoto wobiriwira ngati thambo: MARIA MKHALAPAKATI WA ZAULERE ZONSE.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri. Fayilo ya Norbert inafika pa nambala 87, inanenepa, anaimanga ndi chingwe cha nsapato.

Kenako, mu Novembala 2025, ku Roma kunatuluka kalata yonena za maina amene Akatolika amapatsa Maria. Ku Lusaka inafika monga zimafikira zinthu zonse masiku ano: pa foni, yodulidwa mutu ndi miyendo, itazunguliridwa ndi tinkhope tolira. Pofika Lachitatu theka la parishi linkadziwa kuti Papa wachotsa Maria pa udindo. Theka linalo linkadziwa kuti kolona yaletsedwa. Oyandikana nawo a mipingo ya ng'oma ndi zokuzira mawu anayamba kupereka moni wachifundo, wa mtundu umene umaperekedwa kwa munthu amene mwana wake wagwidwa akuba.

Bambo Mulubwa, wansembe wa parishi, anali ku mbindikiro wa ansembe mpaka Lachisanu. Lamulungu kunali kubwera Ambuye Episkopi kudzapereka Ulimbitso. Choncho wapampando wa khonsolo ya parishi anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi. Wapampandoyo anali ba Kampamba, amene tsopano anali Dairekita wopuma, wa nyumba ya mpanda wamagetsi ku Kabulonga, tayi itafupika chifukwa mimba inatalika.

Anakumana m'holo Lachitatu masana, magetsi atazima monga mwa masiku onse. Mphindi makumi anayi zoyamba zinathera pa kukambirana ngati msonkhano wadzidzidzi uyenera kuwerenga zokambirana za msonkhano wapita. Masikono anafika nkhaniyo isanathe. Bana Clive, amene analowa monga mlembi wa gulu la amayi, anakhala kumapeto akuyang'ana amuna akuluakulu, odziwa Chingerezi, akunyambita majarini ku zala, ntchentche zikusinthana pakamwa pa mabotolo. Thukuta la ba Kampamba linali litajambula mapu kukhwapa.

"Abale na alongo," anatero wapampando, nyenyeswa zili pa tayi, "Roma yakamba. Na Roma ikakamba, ise chathu ni kumvela. Vamene vili pa chipupa cha goloto manje ni volakwika. Ba Episkopi bakaviona pa Sande, manyazi ni yathu. Tifute, na bokosi ija ichoke."

"Ndiye kuti ba Maria babapumisa nchito?" anafunsa msungichuma. Anthu anaseka.

Bana Clive anakweza dzanja, chigongono chili pa fayilo.

"Ba Cheya, nifunseko. Iyi kalata mwaibelenga?"

"Bonse taiona pa foni, ba mayo."

"Sininafunse kuona. Na ine nimaona ndeke, koma sininakwelemo. Ili na mapeji angati? Balembela ndani? Ikamba za bokosi pa peji iti? Na chachikulu: ni lamulo, olo ni sekyula chabe?"

Funso limeneli silinali lachibwana. Aliyense amene anadyapo za boma amadziwa kusiyana kwake. Lamulo limamanga munthu. Ukaliphwanya umaona zakuda. Sekyula imalangiza, imapachikidwa pa bolodi, mphemvu n'kuidya kuyambira m'makona. Bana Clive anali okonzeka kugonja ku lamulo, chifukwa sanakanepo lamulo chibadwire. Koma kutseka njira ya fayilo ya Norbert chifukwa cha sekyula yosawerengedwa, imeneyo inali nkhani ina. Bokosi likachoka, chikumbutso cha nambala 88 chikadzera kuti?

Ba Kampamba anapukuta pakamwa pang'onopang'ono. Anali atadikira tsiku limeneli kuyambira 1994.

"Ba mayo, kuno si ku Longacres. Desiki yanu banaigulisa kudala. Ngati muli na dandaulo, lembelani ba Fada." Anamwetulira. "Kupitila muli ine. Mwambo muuziba. Ndimwe munatiphunzisa."

Anaponya voti. Manja onse anakwera, ena ali ndi masikono. Anagwirizana kuti Hamad abwere Loweruka m'mawa.

Nambala ya Bambo Mulubwa inali m'foni ya bana Clive. Mwana wawo Clive, atawaimbira kuchokera ku Chelstone, anati, "Mami, batumileni chabe foni, vinthu visile." Anamudula. Lachinayi m'mawa analemba kalata ya ndime zitatu, kwa Bambo Mfumu, u.f.s. Wapampando wa Khonsolo, n'kukwera minibasi mpaka ku Kabulonga. Anaima pageti mphindi makumi awiri agalu akuwauwa. Ba Kampamba anatuluka atavala jekete, analandira kalatayo ndi manja awiri mwaulemu wonse, ndipo bana Clive anaiona ikulowa m'thumba la m'kati. Ankalidziwa thumba limenelo. Linali thireyi ya zodikira yosokerera ku jekete.

Loweruka kunacha kutagwa mvula yoyamba. Pa goloto panali matope, mapiko a inswa atamatirira ku mapazi a fano, maluwa apulasitiki atasuluka ngati nsalu yovalidwa kale ya m'salaula. Hamad anafika ndi makwerero ndi chitini cha utoto woyera, n'kupeza bana Clive atakhala kale pampando, msana atatsamira khoma, bokosi lili kudzanja lamanja, fayilo ili pamiyendo.

"Mayi, mwadzuka bwanji? Ine ndangotumidwatu."

"Niziba, ba Hamad."

"Mawuwa ndinalemba ndine, ndipo ndi ntchito yabwino. Taonani M uyo, zaka seveni osasuluka. Ife kumzikiti Mariamu timamulemekeza, sitikangana za iye. Eni akenu ndi amene mukumuchotsa ntchito. Walakwa chiyani mayi wa anthu?"

"Funsani bamene babelenga pa foni."

Hamad anakhala pa chitini chake n'kuyamba kusenda mtedza. Iye sankafulumira, khoma silithawa.

Galimoto ya ba Kampamba inalowa itakwana naini, n'kuima modutsa malo a magalimoto atatu. Anatsika akulumpha matope ngati nkhuku yoopa madzi.

"Ba Hamad, nikulipilani kudya nshaba? Kwelani!"

"Bwana, pansipa pali mayi."

"Yambilani pamwamba. Bazachoka beka penti ikabadonthela."

Hamad anayang'ana mayiyo, anayang'ana bwanayo, anapempha Mulungu wake chikhululuko, n'kukwera. Pa nthawi yomweyo Bambo Mulubwa anatulukira kuseri kwa tchalitchi, atavala majombo ndi malaya ong'ambika pamapewa, sipanala ili m'manja. Pampu ya chitsime inali itapsa ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo mawa kunali alendo mazana ofuna zimbudzi za madzi. Ankapita ku galimoto yake kuti athamangire m'tauni kukagula chitsulo. Anali pa mtunda wa mapazi makumi awiri, osayang'ana kumbali.

Bana Clive anamuona. Kalata yawo inali m'njira yoyenera. Nkhani ikakhala m'njira yoyenera, suithamangira pakhonde n'kukoka bwana malaya. Anathamangitsapo anthu ambirimbiri pa mlandu womwewo. Analuma mlomo. Wansembe anatsegula chitseko cha galimoto. Pamwamba bulashi inamira m'chitini, inatuluka, ndipo dontho lalikulu loyera linagwera pa chikuto cha fayilo, pa dzina la Norbert penipeni.

"Ba Fada! Nithandizeni!"

Mawuwo anatuluka okha, okuwa, opanda mutu wa nkhani, opanda deti. Ngakhale njiwa za padenga zinauluka. Bana Clive anagwira pakamwa ngati munthu amene wageya pa Misa.

Wansembe anatseka chitseko n'kubwera, sipanala idakali m'manja.

"Bana Clive, muli shani? Nanga ni chani? Ba Hamad, imani mbichana."

"Roma yakamba, Fada," anayamba ba Kampamba. "Khonsolo yagamula kuti..."

"Mwaibelenga, ba Cheya?"

"Mfundo zikuluzikulu."

"Ine naibelenga yonse ku mbindikilo. Ni yaitali, nagona kabili pakati. Za bokosi mulibe. Za penti mulibe." Anatembenukira kwa mayiyo. "Kambani."

Bana Clive anakonza chitambala. Poti manyazi anali atachitika kale, anafunsa ngati mmene amafunsira munthu wa ntchito.

"Ni lamulo, olo ni sekyula?"

Bambo Mulubwa anaseka, kenako anaona nkhope yawo n'kuleka. Anakhala pa mwala wa goloto.

"Ili pakati. Si chiphunziso chija chamene mukachikana ninshi mwachoka mu Chalichi. Koma futi si pepa yomangila vitumbuwa. Yachoka ku ofesi yoona za chikhulupililo, Papa anaivomeleza. Tifunika kuimvela na mutima wabwino."

"Nanga ivi?" Analoza pamwamba osayang'anako.

"Ivi ndiye sivinakhalepo lamulo. Bantu boyela banavikonda, ma Papa benangu banavikamba, masisitele banatiphunzisa tonse. Koma Chalichi sichinamangepo munthu kuti akhulupilile ati chaulele chilichonse chifunika kupitila mu manja ya Maria monga pa geti. Kalata ikamba ati tichenjele na mau aya. Wopasa chaulele ni Mulungu yeka. Mukhalapakati ni Yesu. Maria na eve analandila. Nanga chamene analandila eve chinapitila muli ndani? Ni mai wathu, atipemphelela, ndiye nchito yake, na palibe wamuchosa. Kolona pitilizani. Koma si geti."

Bana Clive anayang'ana fayilo pamiyendo pawo. Anabwera kudzateteza lamulo kwa anthu a sekyula, ndipo tsopano ankauzidwa kuti chimene anachitumikira moyo wonse sichinali n'komwe m'buku la malamulo. Anamasula chingwe cha nsapato. Anafotokoza zonse, pamaso pa Kampamba ndi pa Msilamu ali pa makwerero: thumba la kapenta, zaka khumi ndi chimodzi, ba Lombe ndi mazira awo, mawu awiri aja. Wansembe anatsegula masamba, nambala wani, nambala 40, nambala 87, onse oyera, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Kenako anatseka fayilo.

"Ba mayo, pa Gologota panali kabwalala uja wa ku lamanja. Anakamba na ndani?"

"Na Ambuye."

"Maria anali kuti?"

Wansembe anadziyankha yekha.

"Anali apo pamene, pansi pa mutanda. Pafupi kuchila apa pali ba Hamad. Kabwalala sanapitile muli eve. Na Maria sanakwiye. Yankho inabwela liti?"

"Siku yamene ija," anatero motsitsa.

"Ine siningakuuzeni vamene Mulungu anagamula pali ba Norbert. Sinikhala mu ofesi ija. Bapempheleleni, na mapemphelo yanu yonse aya siyanataike. Koma kukamba ati sibanamveke chifukwa banalumpha desiki, icho nakana. Uko kulibe thileyi."

Munthu wina akanalira ndi chimwemwe. Bana Clive anamva ndulu ikukwera kukhosi. Tsiku lomwelo. Wakuba, pempho lapakamwa, lopanda mboni, lopanda kope, n'kuvomerezedwa dzuwa lisanalowe. Ndiye kuti kumwamba kumayendetsedwa ngati Intercity, aliyense kungokuwa n'kukwera? Zaka zisanu ndi ziwiri za riboni ya makina, imene masiku ano imapezeka pa sitolo imodzi yokha m'tauni yonse, kukumbutsa ofesi za nkhani imene mwina inatha Norbert asanatsike pa thumba la kapenta! Anaona m'maganizo nkhope ya Norbert, kumwetulira kuja kwa munthu amene ali kale ndi mbale. Kenako, osafuna, anaona pensulo yawo pakona pa pepala la mayi wa mwana wa m'chitolokosi, ndipo nduluyo inasintha njira n'kubwerera kwa mwini wake.

"Fada," anatero ba Kampamba, "na ulemu, chigamulo cha khonsolo sichingafutike pa mwala. Chifunika miting'i inangu. Na ba mayo aba banafunika kulemba."

"Ninalemba," anatero bana Clive. "Ili mu jekete."

Wansembe anatambasula dzanja. Kalatayo inatuluka yofunda, yonyowa m'mphepete, itamatirana ndi lisiti la kotsukira galimoto. Bambo Mulubwa anaiwerenga, anafunafuna cholembera, n'kubwereka pensulo ya kukhutu kwa Hamad. Analemba pakona kuti, "Naona," n'kuibweza.

"Bokosi ikhale," anatero. "Koma bantu balembe mwamene bafunila. Pa chipupa, liu imozi ndiye ivuta. Imwe bene bake muone. Ine pampu inilindila."

Anapita. Kunatsala anthu atatu ndi chitini cha utoto. Hamad anatsokomola.

"Ndiye ndimvere ndani? Utototu ukuuma."

Bana Clive anaimirira, anakoka mpando kuuchotsa pakhoma, n'kuyang'ana mawuwo kanthawi.

"Futani ZONSE. Vinangu musagwile."

"Mzere upendekera kumanzere, mayi. Anthu adzati Hamad sadziwa kuyeza."

"Ikamponi luba."

Anamasula kiyi ku kolona, anatsegula loko, n'kuponya loko ndi kiyi yemwe m'thumba la zida la Hamad. M'bokosimo munali timapepala tinayi tatsopano. Kapamwamba kanali kolembedwa pa chikuto cha kope, ndipo kankayamba ndi "Yesu wanga." Dzanja lawo linapita lokha kukafuna pensulo. Analibweza, n'kutseka chivundikiro.

Lamulungu ba Kampamba analengeza pa guwa kuti khonsolo, pomvera Roma mwachangu, yakonza khoma la goloto. Anthu anaomba m'manja. Ambuye Episkopi analowera geti la kuseri chifukwa cha matope, anapereka Ulimbitso, anadya, n'kutulukira komweko. Khomalo sanalione.

Bana Clive anabwerera kwawo ku Kabwata masana, anavula nsapato, n'kuika fayilo patebulo pansi pa chithunzi cha Norbert. Dontho la utoto linali litauma pa dzina lake. Analipala ndi chikhadabo mpaka zilembo zinaonekanso. Kenako anatenga rula, anajambula mizere iwiri yopingasa pachikuto monga ankachitira ku Longacres nkhani ikatha, n'kulemba deti. Anamanga chingwe cha nsapato mfundo iwiri.

"Na kumwamba kwamene, ba Norbert," anauza chithunzicho, "munalumpha laini. Mulibe nsoni."

Anakankhira fayiloyo pamwamba pa kabati, pomwe pamakhala masutikesi. Kenako anakhala pansi, anatenga kolona, yopepuka tsopano popanda kiyi, n'kuyamba kumupempherera munthuyo, kudzera kwa Maria monga kale. Wansembe anati si lamulo. Sananene kuti n'koletsedwa. Akuba ndi anthu a mabasi akuwe mmene angafunire. Iwo analeredwa bwino, ndipo sakanalowa m'nyumba ya eni ake osapereka moni kwa mayi wa pakhomo.